Tizilumba ta kumpoto nato titetezedwe

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za tizilumba ta m'nyanja yathu. Ndimakhala ku Mzuzu kuno koma kwathu ndi ku Nkhata Bay, ndipo zimene ndinaona nditatsikira kumudzi mwezi watha zikundisowetsa mtendere.

Alamu anga ananditenga pa bwato mpaka pa kachilumba ka miyala komwe tinkasambira tili ana. Masiku amenewo ukangoviika nkhope m'madzi, tinsomba ta m'miyala totchedwa mbuna tinkakuzinga, tabuluu, tachikasu, tamizeremizere, tikubudula ndere pamwala ngati mbuzi pamsipu. Ulendo uno nditapisa dzanja pamwala womwewo, zala zinatuluka ndi matope okhaokha. Mitengo ya pamwamba inatha ndi nkhwangwa, inapita kowambira nsomba, ndiye mvula ikagwa dothi limangotsetserekera m'madzi. Chapafupi anyamata awiri ankakoka neti ya udzudzu, m'katimo muli tiana ta nsomba tochepa ngati chikhadabo.

Ambiri timaona chilumba ngati mulu wa miyala basi. Nyanja yathuyi inakhalapo nthaka itang'ambika n'kutitimira, n'chifukwa chake chakumpoto kuno kuya kwake kumafika pafupifupi mamita 700. Tizilumbati ndi nsonga za miyala yakalekale yolimba imene inatsalira pamwamba pa madzi. Tsono mbuna ndi nsomba yokakamira pamwala. Pamchenga wautali kapena pamadzi akuya siwoloka. Imadya pomwepo, imaswana pomwepo, yaikazi n'kusunga mazira ndi ana m'kamwa mpaka atakhwima. Motero pali mitundu ina imene dziko lonse lapansi imapezeka pa chilumba chimodzi chokha. Matope akakwirira ndere pamenepo, mtunduwo ulibe kothawira, ndipo ukatha palibe kwina kokautenga.

Anzathu kummwera anayamba kale kuteteza zilumba zawo. Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 UNESCO, nthambi ya bungwe la United Nations, inaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse, makamaka chifukwa cha nsomba zimenezi. Zilumba za Thumbi, Domwe, Mumbo, Maleri ndi Boadzulu zili m'pakiyo, ndipo lamulo limaletsa kusodza mamita 100 kuchokera m'mphepete mwake. Ozembera lamulo sasowa, komabe nkhwazi, akatumbu ndi ng'azi ali ndi pokhala. Nanga ife kuno, kuyambira ku Kande, Nkhata Bay, Usisya mpaka ku Likoma ndi Chizumulu? Dzina lomwelo loti mbuna linachokera m'Chitonga chathu.

Sindikunena kuti tidikire paki. Ku chilumba cha Mbenji, m'boma la Salima, sanadikire. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 ufumu wa a Makanjira umatseka chilumbacho m'dzinja, kuchokera mu Disembala kufika mu Epulo. Asodzi onse amasamuka, utaka n'kuswana popanda wousokoneza, ndipo akatsegula anthu amachokera kutali kudzasodza. Lamulo la mfumu lokha, anthu n'kulimvera chifukwa phindu lake amaliona m'bwato.

Anyamata a neti ya udzudzu aja sindikuwada, ikuwatuma ndi njala. Koma mafumu athu a m'mphepete mwa nyanja, pamodzi ndi makomiti a m'madoko, atha kugwirizana kuti pa tizilumba tina nkhwangwa isakwerenso, ndipo neti isaponyedwe pafupi ndi miyala. Ophunzira za usodzi pa Mzuzu University ali pompano, ulendo wa ola limodzi kufika kunyanja. Atsikire kumeneko, alembe nsomba zimene zili pa kachilumba kalikonse, mfumu idziwe chimene ikusunga.

Pobwerera kumtunda ndinawafunsa alamu anga ngati angasiye kuponya pa kachilumba kaja. Anati iwo asiya ngakhale mawa, bola anzawo onse asiyenso. Akungodikira kuti mfumu iitanitse msonkhano.

Mwana wa kunyanja,
Chibavi, Mzuzu