Lipoti la nthumwi pa msonkhano waukulu wa chisankho cha bungwe la akazembe

A Wapampando a nthambi, akuluakulu a komiti ndi mamembala nonse,

Munatituma kukaimira nthambi yathu, ya mamembala amene akugwira ntchito m'maofesi a ukazembe kunja, pa msonkhano waukulu umene unawerenga mavoti ndi kulonga komiti yatsopano. Mipando yonse yadzazidwa, ndipo mayina a opambana mwawaona kale m'kalata ya komiti yoyendetsa chisankho, choncho sitiwabwereza. Kuwerenga kunayenda mwachilungamo, palibe anakana zotsatira. Nkhani imene tabwera nayo ndi yakuti mavoti a nthambi yathu amene sanawerengedwe anali atatayika kale tsiku lowerenga lisanafike: ena ku kaundula, ena m'njira.

Tiyambe ndi kaundula, poti ndiye anadya nthawi yaitali. Malamulo athu amati wovota ndi membala amene alibe ngongole ya umembala pa tsiku lotseka kaundula. Ambirife ndalamayo amatidula ku malipiro, ndiye sitiiganizira n'komwe. Koma munthu akasamutsidwa, dzina lake limachoka pa ndandanda ina ya malipiro n'kupita pa ina, ndipo lamulo lodula ndalama ya bungwe silimutsatira lokha. Buku la a msungichuma limangoonetsa kuti mwezi wakuti sanalipire. Mwiniwake amadzadziwa pamene anzake alandira mapepala ovotera iye osalandira, kaundula atatsekedwa kale. Ena analipira bwinobwino koma pepala linapita ku ofesi imene anachokako. Panalinso amene anapuma pantchito kaundula atatsekedwa koma voti isanayambe, ndipo komiti inagwira njakata kuti avotere mpando wa oimira opuma kapena wa nthambi. Inagamula kuti munthu avota m'gulu limene analimo pa tsiku lotseka kaundula. Ife tikuona kuti inagamula bwino, kungoti lamuloli lilembedwe, lisamachite kukumbukiridwa vuto likagwa.

Msonkhano unagwirizana kuti kaundula woyamba azituluka masiku 30 asanatsekedwe, ndipo nthambi iliyonse izilandira mbali yake kuti iunike dzina ndi dzina.

Voti ya papepala imayenda ndi maenvulopu awiri. Pepala lochongedwa limalowa mu envulopu yaing'ono imene silembedwa kanthu. Yaing'onoyo imalowa mu yaikulu, ndipo kunja kwa yaikuluyo wovota amalemba dzina, nambala ya umembala n'kusainira. Pa tsiku lowerenga, awiri a komiti amatenga envulopu yaikulu isanatsegulidwe, mmodzi awerenga dzina mokweza, wina achonga mu kaundula. Akatsegula, yaing'ono ija amaiponya m'bokosi ili chimatire. Zazikulu zonse zikatha amazichotsa patebulo, n'kusakaniza za m'bokosi, kenako n'kuyamba kutsegula zazing'ono. Apa ndiye pagona chinsinsi cha voti, chifukwa dzina ndi pepala sizikumananso.

Mavoti okanidwa anali a mitundu yodziwika. Envulopu yaikulu yosasainidwa satsegula n'komwe. Amene anasainira pa pepala lovotera lenilenilo, mwina pozolowera kuti chikalata chilichonse chimasainidwa, voti yake inawonongeka. Chimodzimodzi amene anachonga mayina atatu pamene mipando ili iwiri. Imene inatimvetsa chisoni ndi ya ofesi ina imene inasonkhanitsa maenvulopu aang'ono a antchito ake onse n'kuwaika mu yaikulu imodzi, bwana mmodzi n'kusainira. Cholinga chinali kuchepetsa katundu, koma siginecha imodzi imaikira umboni voti imodzi basi, ndipo pamenepo sungadziwe kuti ya wosainayo ndi iti. Onse anakanidwa.

Ambiri timakhulupirira chikwama cha makalata a ukazembe, ndipo chifukwa chake n'chomveka: gawo 27 la Pangano la ku Vienna la 1961, pangano la mayiko pa za ukazembe, limati chikwamachi sichitsegulidwa kapena kutsekerezedwa m'njira. Koma gawo lomwelo limatinso muzikhala zikalata ndi katundu wa ntchito za boma zokha. Bungwe lathu si boma, choncho mavoti amalowamo unduna ukavomereza, ndipo chilolezocho chizipemphedwa polemba chisankho chilichonse. Chikwama chimanyamukanso pa tsiku lake, sichidikira munthu. Ku maofesi aang'ono chimatha milungu chisananyamuke, pamene lamulo lathu limaona tsiku limene voti yafika, osati limene yatumizidwa. Wovota amene wachedwa ndi tsiku limodzi pa ulendo wa chikwama angathe kuchedwa ndi milungu iwiri ku bokosi.

Kuvota pa intaneti kwachepetsa vuto limeneli koma kwabwera ndi ake. Linki yovotera ndi ya munthu mmodzi ndipo imagwira ntchito kamodzi. Mukaitumiza kwa mnzanu amene sanalandire yake, iye akavota ndiye kuti wadya voti yanu. Maimelo ambiri amene anapita ku adiresi ya kuntchito anatsekedwa ndi makompyuta a unduna, amene sakhulupirira linki yochokera kunja. N'chifukwa chake mukupemphedwa kulembetsa imelo yanuyanu, imenenso simusintha mukasamuka. Amene wavota pa intaneti kenako n'kutumizanso pepala, envulopu yake imaikidwa pambali isanatsegulidwe, chifukwa mu kaundula dzina lake limakhala litachongedwa kale.

Za nthawi yotseka, chidziwitso chinangoti pakati pa usiku, osanena usiku wa kuti. Kuyambira chisankho chikubwerachi nthawi izilembedwa mu UTC, nthawi imodzi imene mayiko onse amawerengerapo nthawi zawo. Mwachitsanzo, 23:59 UTC ndi 02:59 m'bandakucha wa tsiku lotsatira ku Addis Ababa, 08:59 m'mawa ku Tokyo, ndipo ku New York ndi 19:59 kapena 18:59 madzulo a tsiku lomwelo, malinga ndi nyengo poti kumeneko amasintha mawotchi. Tinakumbutsanso msonkhano kuti ku Cairo ndi ku Riyadh Lachisanu ndi tsiku lopuma, ndiye voti isamatsekedwe Lachisanu.

Mtsutso waukulu unali pa funso lakuti mkulu wa ofesi ya ukazembe, kapena mkulu woona za antchito ku likulu, angaimire mpando wa m'komiti. Ena anati awa ndiwo odziwa zinthu ndipo nduna imawamvera. Ena anati munthu amene amalemba lipoti la kagwiridwe kanu ka ntchito, n'kukhalanso ndi mawu pa kumene mudzatumizidwe, akapempha voti simungamukane momasuka, ndipo tsiku limene membala adzadandaule za bwanayo, adzakadandaula kwa yani? Wina anapereka chitsanzo cha American Foreign Service Association, bungwe la ku America limene linayamba mu 1924 ndipo komiti yake imasankhidwa zaka ziwiri zilizonse. Kumeneko lamulo la Foreign Service Act la 1980 limaletsa mabwana oyendetsa antchito kutenga nawo mbali poyendetsa bungwe loimira antchitowo. Ife tinali mbali yoletsa. Bwana akhale membala, azivota, koma mpando ayi kufikira atachoka pa udindowo. Poti nkhaniyi ikusintha malamulo a bungwe, ikufunika magawo awiri mwa atatu a mavoti, ndipo yabwezedwa ku nthambi kuti zikakambirane.

Pa kampeni panali dandaulo limodzi, la wopikisana amene anatumiza uthenga wake kudzera pa ndandanda ya maimelo a unduna, imene anzake alibe. Anachenjezedwa. Tsopano aliyense azipereka uthenga wa mawu ofanana kuchuluka kwake, ndipo komiti ndiyo izitumiza onse pamodzi.

Nkhani ya kawerengedwe sinathe. Panopa wopeza mavoti ambiri ndiye wapambana. Tiyerekeze mavoti 100, atatu n'kupeza 40, 35 ndi 25: wa 40 watenga mpando ngakhale anthu 60 sanamufune. Chisankho chachibwereza kwa anthu omwazikana chonchi chingatenge miyezi ina iwiri, n'chifukwa chake ena akufuna kuti wovota azilemba 1, 2, 3 potsata amene akumufuna, kuti wotsalira akachotsedwa mavoti ake apite kwa amene ovotawo anamuika pachiwiri. Njirayi ndi yabwino pa kompyuta, koma papepala ingachulukitse mavoti owonongeka ngati anthu sanaphunzitsidwe. Komiti yatsopano ibweretsa maganizo ake.

Chimene tikupempha, a Wapampando, n'chakuti nthambi isankhe munthu mmodzi pa ofesi iliyonse woti aziuza a mlembi za aliyense wobwera ndi wochoka mwezi womwewo, ndipo membala aliyense aone pepala la malipiro ake a mwezi uno ngati ndalama ya bungwe yadulidwa. Pa msonkhano wathu wotsatira muikenso pa ndandanda nkhani ya mabwana kuimira mipando, chifukwa yankho la nthambi likuyenera kupita kwa a mlembi wamkulu lolembedwa, ndi chiwerengero cha ovomereza ndi okana.

Ife nthumwi zanu.