Chilonda sichipola ndi mphepo ayi

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata ndinenepo za zilonda, chifukwa zomwe tikupanga mmakomomu zikundidetsa nkhawa kwambiri. Munthu akapsa ndi ekizozi ya kabaza kapena mwana akagwa nkusupuka bondo aliyense amangoti osamanga, chisiyeni chipitidwe mphepo chiume msanga, ena mpaka kupakapo Colgate kaya kuthira ufa wa kapusozi, kenako ntchentche ndi fumbi nkumachita zawo pamenepo.

Komatu achipatala maganizo amenewa anawasiya kalekale. Mu 1962 wasayansi wa ku Britain George Winter anayesa pa nkhumba, mabala ena anawasiya poyera ena anawaphimba ndi kapulasitiki, ndipo pophimbidwapo khungu linamera msanga pafupifupi kawiri kuposa pamene panasiyidwa. Mu 1963 ena ku America anayesa pa anthu, zinatulukanso chimodzimodzi. Nkhani yake njakuti bala likauma limapanga nkhanambo ndiye khungu latsopano limachita kuvutikira kudutsa pansi pa nkhanamboyo, pomwe pakakhala kachinyezi limangoyala bwinobwino, ululu umachepa komanso pomasula bandeji sakusendanso chilonda chija ngati mmene limachitira thonje likakakamira. Nchifukwa chake kuli mapulasitala ngati Tegaderm ndi Opsite, oonekera mkati aja omwe madzi ndi tizilombo sizilowa, ndi ena a hydrocolloid amene amatha kukhala masiku angapo osachotsa, amathandiza heve odwala omwe atuluka zilonda chifukwa chogona nthawi yaitali. 

Koma chonde wina asamve izi nkukamanga jumbo pachilonda. Chilonda cha mafinya, chonunkha, cholumidwa ndi galu, chobayidwa ndi msomali kapena cha paphazi la munthu wa shuga mukachitsekera ndiye mwawetera tizilombo mkatimo, chimenecho nchoti anesi achione kaye, achitsuke, mwinanso akubayeni ya kafumbata. Wopsa muyambe mwamuthira madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, osati dzira kapena mafuta ophikira.

Pempho langa lipite kwa alangizi a zaumoyo ndi mawayilesi athu, izi muziphunzitsa kusikelo ndi mmidzimu momveka, ndipo a mmafamase musamangogulitsa pulasitala osamufunsa munthu kuti chilonda chake chili bwanji.

Wowerenga wanu,
ku Zomba