Njinga yamoto siyotchipa monga anthu amaganizira

Akonzi,

Ndilembeko pang'ono za abale athu kuno ku Harare amene akuthamangira kugula njinga zamoto poganiza kuti athawa ndalama za makombi (maminibasi onyamula anthu). Ine ndimayenda pa njinga tsiku lililonse kuchoka ku Mufakose, dera lina la Harare, kukaperekera katundu m'tauni, ndiye ndikudziwa zomwe ndikunena.

Kugula ndi tsiku limodzi lokha, kusamala ndiye nkhani. Petulo imamwa pang'ono inde, koma oyilo ndi wosintha pafupipafupi, ukachedwa injini yagogoda basi. Tcheni ndi masipuloketi zimatha limodzi, ukasintha chimodzi chokha chakalecho chimadya chatsopano, ndiye kuli maenje a m'misewu yathuyi, nthawi ya mvula sawoneka n'komwe, tayala ndi limu zimapita kamodzi. Masipeya ku Kaguvi Street alipo ambiri koma amafuna madola aku America, ndipo ena otchipawo sachedwa kufa.

Musaiwale laisensi ya ZINARA (bungwe loyang'anira misewu kuno ku Zimbabwe), inshuwalansi, ndi chipewa chabwino, osati cha pulasitiki wamba chija, mutu ndi umodzi abale.

Chonde achinyamata, musanatenge ngongole khalani pansi ndi makaniko akuuzeni mtengo wa sevisi pa chaka chonse.

Wokwera njinga,
Mufakose