Mwana wotsamwatsamwa aunikidwe kum'mero msanga

Mkonzi,

Mwana amene amatsamwa chakudya kawirikawiri tisamamutche wosankha zakudya, koma akaunikidwe kum'mero. Pali matenda otchedwa eosinophilic esophagitis, omwe amatupitsa njira ya chakudya chifukwa thupi likudana ndi zakudya zina, makamaka mkaka wa ng'ombe, tirigu, mazira ndi soya.

Wakhanda amakana kudya, amasanza, sikelo osakwera. Wokulirapo amatafuna nthawi yaitali, mbamu iliyonse ya nsima amaitsitsa ndi madzi, nyama ndi buledi amazipewa. Matendawa satha okha mwana akamakula. Kutupa kukakhala zaka popanda chithandizo, njirayo imachita zipsera n'kupanikizika, mpaka nthuli ya nyama kukakamira pakhosi, ndipo pamafunika madokotala kuti aikulitse.

Matendawa amatsimikizika polowetsa kamera kum'mero ndi kutapa kachidutswa ka mnofu. Maselo oyera a m'magazi otchedwa eosinophil akapezeka 15 kapena kuposerapo mu mnofuwo pamalo amodzi a maikulosikopu, ndiye chizindikiro. Chithandizo ndi omeprazole (mankhwala ochepetsa asidi m'mimba) kwa milungu 8, kapena budesonide womeza (mankhwala ochepetsa kutupa), mwana osadya kapena kumwa kwa mphindi 30 akamwa, kapena kusiya chakudya chomupwetekacho. Chimene chimalakwika kwambiri n'kusiya mankhwala mwana akapeza bwino. Kutupa kumabwerera, nthawi zina mwakachetechete, n'chifukwa chake kuunikanso n'kofunika.

Ndikupempha Unduna wa Zaumoyo uphunzitse ogwira ntchito kusikelo zizindikirozi, ana otere azitumizidwa ku Mzuzu Central Hospital msanga. Wosiyitsidwa mkaka kapena soya aonedwenso ndi katswiri wa zakudya, popeza phala la Likuni lili ndi soya.

Wokhudzidwa,
Mzuzu