Ogawa nthochi aja anafunsa yani?

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule za lole ija yomwe yazungulira midzi ya kufupi ndi Mzuzu sabata yathayi kugawa ana a nthochi. Bungwe lomwe lachita izi, dzina ndalisunga, linabwera ndi matisheti, chinsalu cholembedwa bwino komanso mnyamata wojambula zithunzi. Chomwe linaiwala n'chimodzi: kufunsa ngati mbewuyo ilibe matenda a nthochi otchedwa chisaka. Anawo anangokumbidwa m'munda wa munthu n'kuunjikidwa m'lole ngati nkhuni.

Abale, malo ofufuzira zaulimi a Lunyangwa ali mumzinda momwe muno. Ena otere, a Mkondezi, ali ku Nkhata Bay uko. Yunivesite ya Mzuni ili pa Luwinga pomwepa. Ndalama za matisheti zinapezeka, koma za mafuta okafikira pa Lunyangwa zinasowa?

Akanafunsa akanauzidwa kuti chisaka chimayenda ndi nsabwe zakuda zobisala m'makwawa a masamba pafupi ndi thunthu, komanso ndi ana ochotsedwa pa phata lodwala. Mwana wotenga matendawa amatha masabata angapo akuoneka wathanzi. Kenako masamba amayamba kutuluka aafupi, opyapyala, achikasu m'mbali, n'kuunjikana pamwamba ngati tsache. Mkoko wabwino usauyembekezerenso, ndipo mankhwala ochiza palibe. Umayamba wapopera nsabwe, kenako kuzula phata lonse osasiya kachidutswa, kuliduladula kuti liume. Ukayamba ndi kuzula, nsabwe zimasamukira kwa mnzako woyandikana naye. N'chifukwa chake mudzi wonse umazula pamodzi, n'kudzala mbewu yochulukitsidwa ku labotale. Mlimi mmodzi akakakamira phata lake, ntchito ya onse yapita m'madzi.

Zonsezi si zachinsinsi. Alimi a ku Nkhata Bay anaziona ndi maso nthochi zawo zikutha, ndipo lero mumsika wa Mzuzu timagula nthochi za ku Tanzania. Koma kwathu kuno wofufuza amalemba lipoti lake m'Chingerezi chovuta n'kuliika pa shelefu, wabungwe amathamangira kusangalatsa omupatsa ndalama, mlangizi amamva mbewu itagawidwa kale. Akakumana ndiye kuti ndi kunyanja, kuli alawansi, ndipo zokambiranazo zimathera pomwe asainira.

A Nduna a Zaulimi, a bwanamkubwa, mafumu athu, kodi komiti yolumikizitsa ntchito za ulangizi pa boma, ija amati DAECC, anaikhazikitsa kuti mabungwe aziilambalala?

Pempho langa n'lachidule. Ofufuza, alangizi, makhonsolo, mabungwe ndi oimira alimi azikumana pa miyezi itatu iliyonse, ngakhale m'kalasi. Zotsatira za kafukufuku zilembedwe pa tsamba limodzi m'Chitumbuka, m'Chitonga ndi m'Chichewa. Mbewu isakwere lole katswiri asanasainire komwe yachokera. Ana agawidwa aja alangizi awalondole munda ndi munda mvula isanakhazikike.

Wokhudzidwa,
Katoto, Mzuzu