Wazaka 50 angathe kuphunzira kusambira pansi pa madzi, bola ayambire kwa dokotala

Akonzi,

Tiloleni tiyankhe achikulire anzathu okhala kuno ku Johannesburg amene amafunsa ngati munthu wazaka 50 kapena 60 angayambe kusambira pansi pa madzi atabereka silinda ya mpweya. Angathe ndithu. Mabungwe ophunzitsa monga PADI sakana munthu chifukwa cha ukalamba. Amangofuna kuti muzitha kusambira mamita 200 osaima, ngakhale pang'onopang'ono, komanso kuyandama kwa mphindi 10.

Musanalipire kosi, kaonaneni ndi dokotala. Fomu ya zaumoyo imafunsa amene anapitirira zaka 45 ngati amasuta, ngati ali ndi BP, mafuta ambiri m'magazi, kapena ngati pamtundu pawo pali matenda a mtima. Osanama pa fomuyi pofuna kuthawa ndalama ya dokotala. Zida zonse pamodzi zimalemera makilogalamu 20 kapena kupitirira, madzi amazizira, ndipo mtima umagwira ntchito yakalavulagaga. Achikulire ambiri amene amafera pansi pa madzi amafa ndi mtima, osati shaki. Wa shuga ndi wa mphumu nayenso anene poyera.

Kosi yoyamba ili ndi zowerenga, magawo asanu m'dziwe losambiriramo, kenako kulowa kanayi m'madzi akuya. Mukapambana mumalandira satifiketi yokulolani kufika mamita 18. Ambiri kuno amaphunzirira ku Bass Lake ku Henley on Klip kapena ku Miracle Waters pafupi ndi Brits. Mu June ndi July madzi ake ndi ozizira zedi, choncho yambani nyengo yotentha, mutavala wetsuit (chovala chothina choteteza kuzizira m'madzi) yokhuthala mamilimita 5.

Makutu ndi amene amagonjetsa ophunzira ambiri. Pa mamita 10 madzi amakupanikizani kuwirikiza kawiri kuposa pamwamba, ndiye tsinani mphuno n'kuuzira pang'ono mukangoyamba kutsika, ndipo muzibwereza pa mita iliyonse. Khutu likapweteka kwerani pang'ono, muyesenso. Kukakamiza kumaboola kachikopa ka m'kati mwa khutu. Tsiku la chimfine khalani kumtunda.

Lamulo lalikulu ndi ili: osagwira mpweya. Mpweya umene mwakoka pa mamita 10 umafufuma kuwirikiza kawiri pofika pamwamba, ndipo ungang'ambe mapapo. Pumani mosalekeza. Kwerani mosapitirira mamita 18 pa mphindi, ngakhale ife timakonda theka la liwiro limeneli, ndipo imani mphindi zitatu pa mamita 5. Silinda imadzazidwa kufika 200 bar (muyeso wa kupanikizika kwa mpweya) kapena kupitirira pang'ono. Tulukani idakali ndi 50. Oyamba kumene amatha mpweya msanga chifukwa chophiriphitha manja ndiponso kumanga mtovu wambiri m'chiuno, kenako n'kumangopopa jekete yothandiza kuyandama (BCD) kuti asamire.

Nkhani imene ife a ku Gauteng sitiyenera kuipeputsa ndi ya kukwera kwa malo. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe kulowa m'madzi pamalo opitirira mamita 300 kuli kale ndi malamulo akeake. Onetsetsani kuti kompyuta ya pamkono, yowerengera kuya ndi nthawi, yatcheredwa moyenera. Munthu akakhala pansi pa madzi, mpweya wa nayitirojeni umalowerera m'thupi, ndipo akakwera msanga umachita thovu m'magazi ngati botolo la Fanta lotsegulidwa mwadzidzidzi. Ndiye taganizirani amene walowa m'nyanja Lamlungu m'mawa ku Sodwana Bay kapena ku Aliwal Shoal ku KwaZulu-Natal, masana n'kuliza galimoto kubwerera ku Johannesburg kuti Lolemba akapezeke pantchito. Kukwera msewu umenewo sikusiyana kwenikweni ndi kukwera ndege. Bungwe la DAN, loona za chitetezo cha osambira pansi pa madzi, limalangiza kudikira maola osachepera 12 mukalowa kamodzi, ndi 18 mukalowa kangapo, musanakwere ndege, ndipo ife timati chitani chimodzimodzi ndi msewuwo. Mukamva kuphwanya m'mfundo, dzanzi, chizungulire kapena kutopa kodabwitsa, musanene kuti ndi nyamakazi ya ukalamba. Pamafunika okosijeni ndi dokotala nthawi yomweyo.

Opita kumudzi mu December, satifiketi yomweyi imagwira ntchito ku Nkhata Bay ndi ku Cape Maclear, komwe mbuna zimadzaza m'miyala. Nyanja ya Malawi nayo ili pamtunda wopitirira mamita 400, ndipo poti madzi ake si amchere, mtovu muchepetseko poyerekeza ndi wa ku Sodwana. Mukabwerako mukayezetse likodzo.

Aphunzitsi a kusambira pansi pa madzi,
Johannesburg