Ana akuti mzere wopingasa ndi wofufuta ngongole

Okondedwa Alangizi,

Ndine mphunzitsi wa Sitandade 3 pa sukulu ina ya kumudzi m'boma la Dedza. Chino ndi chaka changa choyamba chichokereni ku koleji ya aphunzitsi (TTC), ndipo ndili ndi ana 104, ena amakhala mpaka pakhomo. Phunziro la magalafu a zithunzi landiimitsa mutu.

Ndinayamba ndi timizere towerengera. Tinatuluka panja kukawerenga njinga zopita kumsika: njinga iliyonse kamzere kake, ikafika yachisanu kamzere kopingasa pa tinayi tija. Titabwerera m'kalasi, mtsikana wina, yemwe ndi katswiri pa masamu, anali ndi mitolo itatu ndi timizere tiwiri. Ndinayembekezera kumva 17, koma iye anati zadutsa njinga ziwiri. Nditamufunsa, anati mayi ake amagulitsa mandasi ndipo ngongole amalemba ndi khala pakhoma la kukhitchini. Munthu akabweza, amadula mizere yake. "Zodulazo zatha, madamu." Anzake onse anangoti eee! Ndinaseka, koma mumtima ndinavomereza kuti mwanayo waganiza bwino kuposa ine amene ndinangotengera za m'buku.

Pa zithunzi ndiye zinafika povuta. Aliyense anasankha chipatso chimene amakonda pakati pa mango, nthochi, magwafa ndi masuku. Chithunzi chimodzi chikamaimira mwana mmodzi, amayankha ndisanamalize n'kufunsa komwe. Koma bolodi lathu ndi laling'ono, choncho ndinati bango limodzi liimire ana awiri. Okonda mango analipo 23, ndiye ndinajambula mango 11 ndi theka. Iwo amangowerenga zithunzi n'kunena kuti 12, ndipo za thekalo mnyamata wina anafuula kuti wina waluma.

Ku koleji anatiphunzitsa za TALULAR, kugwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi, ndiye ndinatolera zitsekerero za mabotolo kuti mwana aliyense aike chake pamzere pansi. Zinathandizako, kungoti pofika Lachisanu zambiri zinali zitasanduka matayala a galimoto zamawaya.

Ahedi akuti ndipitirire ku mutu wina chifukwa teremu ikutha, komanso a PEA, oyendera sukulu za pulaimale m'dera lathu, abwera posachedwa kudzaona sikimu, ndondomeko ya zophunzitsa. Ine mtima ukukana kuwasiya ana asanamvetse.

Ndithandizeni, Alangizi. Kodi ndisiye kupingasa, azingozunguliza timizere tisanu ngati mtolo wa nkhuni, kapena ndidzawasokoneza akafika m'makalasi apamwamba? Nanga mwana wa zaka zisanu ndi zitatu ndingamuuze bwanji kuti bango limodzi ndi anthu awiri, pamene maso ake akuona limodzi?

Ndine,
Mphunzitsi wothedwa nzeru, Dedza